Mbiri ya khobidi la masenti asanu la ku America ndi kapimidwe ka mtengo wake

Khobidi la masenti asanu la ku United States, limene eni ake amalitcha nickel, linayamba kusulidwa mu 1866, nkhondo yapachiweniweni itangotha kumene, pa nthawi imene anthu anali atabisa ndalama zasiliva ndi zagolide chifukwa chokayikira ndalama zapepala. Dzinali linachokera ku chitsulo cha nikelo, ngakhale kuti chitsulochi ndi magawo 25 okha pa 100 alionse a khobidilo, pamene magawo 75 otsalawo ndi mkuwa. Zithunzi zake zinasintha kangapo kufikira mu 1938, pamene mmisiri Felix Schlag anapambana mpikisano wa boma ndi chithunzi cha pulezidenti wachitatu, Thomas Jefferson, kumaso, ndi nyumba yake ya Monticello kumbuyo. Makobidi a mtundu umenewu akuyendabe m'masitolo mpaka lero, ndipo funso lovuta kwa osonkhanitsa ndalama lakhala lakuti chinthu chosulidwa mamiliyoni mazanamazana pachaka chingapose bwanji mtengo wolembedwa pa icho.

Yankho loyamba linali losavuta, chifukwa osonkhanitsa a m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 ankayang'ana chaka ndi kalemba kosonyeza fakitale imene yasula khobidi, D wa Denver kapena S wa San Francisco, n'kumadzaza mabowo a timabuku takatoni ta kampani ya Whitman. Makobidi a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira mu 1942 mpaka 1945, anali ndi mtengo wina wakewake, popeza nikelo ankafunika pa zida zankhondo ndipo boma linaikamo siliva wokwana magawo 35 pa 100.

Chimene chinagwedeza maganizo akuti chaka chosowa ndicho chuma chinali khobidi la ku Denver la 1950. Chaka chimenecho fakitaleyo inasula makobidi 2,630,030 okha, chiwerengero chotsika kuposa cha chaka china chilichonse cha makobidi a Jefferson opita kumsika, ndipo nkhaniyi itamveka, amalonda ndi anthu wamba anathamangira kumabanki n'kusunga mipukutu yathunthu isanagwiritsidweko ntchito. Mtengo unakwera kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kenako unagwa, ndipo chifukwa chake n'chakuti gawo lalikulu la makobidiwo linali lidakali latsopano m'manja mwa anthu amene onse ankayembekezera wogula. Lero khobidi la 1950-D losagwiritsidwa ntchito silivuta kupeza, pamene ena a zaka zimene palibe anazilabadira amasowa akafunidwa ali bwinobwino. Apa m'pamene chidwi cha msika chinayamba kuchoka pa chaka n'kupita pa maonekedwe.

Muyezo wa maonekedwewo unachokera kwa William H. Sheldon, amene m'buku lake la 1949 lonena za masenti akale amkuwa anakonza manambala oyambira 1 kufika 70. Cholinga chake chinali chakuti nambala isonyeze mtengo, kotero kuti khobidi la 70 ligulidwe kuwirikiza ka 70 mtengo wa lotheratu la 1. Kuwerengera kumeneku sikunakhalitse, koma manambalawo anatsala, ndipo bungwe la American Numismatic Association linawavomereza m'zaka za m'ma 1970. Manambala a 60 mpaka 70, olembedwa ndi zilembo MS, ndi a makobidi amene sanaperepeseke m'manja mwa anthu, ndipo amasiyana pa kunyezimira kwa chitsulo, timikwingwirima tobwera pogundana m'matumba, ndi kuzama kwa chidindo. Popeza wogulitsa ndi wogula sankagwirizana kawirikawiri pa nambala, panabadwa makampani opima, PCGS mu 1986 ndi NGC mu 1987, amene amapereka nambala n'kutsekera khobidi m'kabokosi kapulasitiki kosatseguka.

Pa makobidi a Jefferson, nkhani yaikulu ili pa masitepe a khonde la Monticello. Nikelo ndi chitsulo cholimba chimene chimadya zidindo msanga, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pamene mafakitale ankathamangira kuchulukitsa makobidi (olembedwa chaka cha 1964 okha anaposa 2.8 biliyoni), zidindo zinkagwiritsidwa ntchito zitatha kale, motero masitepe ankatuluka ophatikizana. Khobidi limene masitepe ake asanu kapena asanu ndi limodzi akuoneka opatukana, popanda chodula mizere yake, limalembedwa kuti Full Steps, kutanthauza masitepe athunthu. Ku Denver mu 1969 kunasulidwa makobidi oposa 200 miliyoni, komabe a masitepe athunthu ndi owerengeka zedi, ndipo oterewa amagulidwa madola masauzande ambiri pa okushoni pamene anzawo a chaka chomwecho amangogula zinthu za masenti asanu.

Njira yopimitsa makobidi imeneyi yateteza ogula ku chinyengo, ndipo yaphunzitsa ambiri kuti kupukuta khobidi ndi mankhwala kumawononga nkhope yake ndi mtengo wake womwe. Komabe n'zodetsa nkhawa kuti kusiyana kwa nambala imodzi, kumene ngakhale akatswiri amatsutsana, kumachulukitsa mtengo kangapo, mpaka ena amagula nambala ya pakabokosi osaliyang'ana khobidilo ndi galasi lokulitsa. Luso la maso ndilo linayambitsa ntchitoyi, ndipo likufunikabe kwa aliyense wofufuza m'mipukutu ya kubanki, makamaka chifukwa ndalama zolipira popimitsa zimaposa mtengo wa makobidi ambiri amakono. Mu 2009, chuma chitasokonekera, mafakitale a Philadelphia ndi Denver onse pamodzi anasula makobidi osakwana 90 miliyoni, ndipo osonkhanitsa anasunganso mipukutu yake yambiri monga mmene anachitira ndi ya 1950.