Azungu, Akuda, Amwenye: Kodi Malirewa Anawalemba Ndani?

Lero ndikufuna tikambirane za mawu amodzi amene amativuta tikamaphunzitsa mbiri ya ukapolo, utsamunda ndi tsankho la ku South Africa. Pa Chingerezi mawuwa ndi race. Pa Chichewa timangoti mtundu, koma mawu athuwa amasenza katundu wambiri: Achewa ndi mtundu, Amalawi ndi mtundu, chimanga cha makolo ndi mtundu, ngakhale kufiira kwa nsalu ndi mtundu. Mawu a Chingerezi aja amanena kuti anthu a padziko lapansi anagawika mwachibadwa m'magulu akuluakulu owerengeka, monga azungu, akuda ndi a ku Asia, ndipo gulu lililonse lili ndi magazi ake, nzeru zake ndi khalidwe lake. Kodi magulu amenewa alimodi m'thupi la munthu? Funsoli ndi lofunika chifukwa ophunzira ambiri amamaliza Fomu 4 akukhulupirira chamumtima kuti mzungu anabadwa ndi nzeru zoposa zawo.

Anthu akhala akuona kusiyana kwa khungu kuyambira kalekale, koma kuika anthu onse m'magulu owerengeka m'dzina la sayansi kunayamba ku Ulaya zaka zosakwana 350 zapitazo. M'chaka cha 1684, dokotala wa ku France, François Bernier, analemba kankhani kogawa anthu malinga ndi maonekedwe. M'chaka cha 1735, Carl Linnaeus wa ku Sweden, yemwe uja timamudziwa mu Bayoloje chifukwa chopatsa zamoyo maina awiriawiri, anatulutsa buku la Systema Naturae ndipo anagawa anthu m'magulu anayi: a ku Ulaya, a ku America, a ku Asia ndi a ku Africa. Bukuli litasindikizidwa kakhumi mu 1758, iye anawonjezera makhalidwe. Mzungu anamulemba kuti ndi wanzeru ndipo amatsata malamulo, pamene munthu wa ku Africa anamulemba kuti ndi waulesi. Dziwani kuti Linnaeus sanapondeko ku Africa. Ankalemba zimene anamva kwa apaulendo, pa nthawi imene malonda a akapolo owoloka nyanja ya Atlantic anali pachimake. Malondawa anakweza zombo anthu oposa 12 miliyoni, ndipo ogula ndi ogulitsa ankafuna chifukwa chodzikhululukira.

Pambuyo pake panabwera Johann Blumenbach wa ku Göttingen m'dziko la Germany. Mu 1795 iye anati magulu ndi asanu, ndipo azungu anawatcha Caucasian chifukwa chigaza chimene chinamukongolera kwambiri pa zigaza zimene ankasunga chinali cha mayi wa ku Georgia, kufupi ndi mapiri a Caucasus. Komabe Blumenbach yemweyo anavomereza kuti anthu onse ndi amodzi ndipo magulu akewo amalowana mwapang'onopang'ono moti n'kovuta kuloza malire. Akatswiri otsatira sanagwirizane ngakhale pa chiwerengero. Mu 1871, Charles Darwin anaona kuti ena ankati mitundu ilipo iwiri, ena inayi, ena isanu, mpaka wina anafika pa 63. Tikawerenga mafupa a munthu wamkulu tonse timapeza 206. Chinthu chimene wina akuwerenga n'kupeza ziwiri, mnzake n'kupeza 63, chiyenera kutikayikitsa.

Ena anayesa kupeza umboni pogwiritsa ntchito miyeso. Samuel Morton, dokotala wa ku Philadelphia, anasonkhanitsa zigaza mazanamazana n'kumazidzaza ndi njere, kenaka ndi timipira ta mtovu, kuti adziwe kukula kwa ubongo. M'buku lake la mu 1839 anaika azungu pamwamba ndi akuda pansi, ndipo eni akapolo a kummwera kwa America anamuombera m'manja. Vuto ndi lakuti kukula kwa mutu kumayendera limodzi ndi kukula kwa thupi ndiponso nyengo ya dera limene makolo ankakhala, ndipo sikungatiuze amene angakhoze masamu. Mu 1912, Franz Boas atayeza anthu zikwizikwi amene anasamukira ku New York, anapeza kuti mitu ya ana obadwira ku America inkasiyanako ndi ya makolo awo obadwira ku Ulaya. Chinthu chimene ankati ndi chidindo chosasinthika cha mtundu chinkasintha m'badwo umodzi wokha.

Maganizowa atalowa m'malamulo m'pamene kupanda maziko kwake kunaonekera poyera. Lamulo la ku Virginia la mu 1924 linkati munthu amene ali ndi kholo lakuda ngakhale limodzi, kaya la kale bwanji, si mzungu, pamene ku Brazil munthu yemweyo akanatha kuwerengedwa ngati mzungu. Boma la Hitler litakhazikitsa malamulo a ku Nuremberg mu 1935, linalephera kupeza njira yoyezera magazi a Myuda, ndiye linkangofufuza chipembedzo cha agogo a munthu. Ku South Africa, lamulo la Population Registration Act la mu 1950 linkaika munthu aliyense m'gulu, ndipo pamene akuluakulu aboma akayikira ankatha kulowetsa pensulo m'tsitsi kuti aone ngati igwe. Sandra Laing, mwana wa makolo achizungu, anachotsedwa pasukulu ya azungu mu 1966 n'kulembedwa kuti ndi mkaladi chifukwa cha khungu ndi tsitsi lake, ndipo lamulo litasintha anamulembanso kuti ndi mzungu. M'dziko lomwelo anthu a ku Japan ankalandiridwa ngati azungu chifukwa cha malonda. Lamuloli linathetsedwa mu 1991.

Ku Rwanda, atsamunda a ku Belgium anatsata maganizo a John Hanning Speke akuti Atutsi ndi mtundu wapamwamba wochokera kumpoto. Anayeza mphuno ndi misinkhu, ndipo m'zaka za m'ma 1930 anapereka zitupa zolembedwa kuti Hutu, Tutsi kapena Twa kwa anthu olankhula chinenero chimodzi ndiponso okwatirana. Mu 1994 zitupa zoterezi n'zimene zinkaonedwa pa malodibuloko, ndipo anthu oposa 500,000 anaphedwa m'masiku pafupifupi 100. Kwathu kuno, kalembera wa Nyasaland ankagawa anthu kuti azungu, amwenye, makaladi ndi akuda, ndipo masukulu ndi malipiro zinkatsata magulu omwewo.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, bungwe la UNESCO linatulutsa chikalata mu 1950 chotsutsa zoti pali mtundu woposa unzake mwachibadwa. Ena anati izi ndi ndale chabe, koma umboni unabwera. Mu 1972, Richard Lewontin anafufuza kusiyana kwa majini pakati pa anthu. Sindikunena majini a mizimu aja ayi, koma timalangizo ta chibadwa timene timalandira kwa makolo kudzera mu DNA. Iye anapeza kuti pa magawo 100 a kusiyana konse, pafupifupi 85 ali pakati pa anthu a fuko limodzi, pafupifupi 8 ali pakati pa mafuko a m'gulu limodzi, ndipo pafupifupi 6 okha ndi amene amasiyanitsa magulu akuluakulu aja. Ntchito yowerenga DNA ya munthu imene inamalizidwa mu 2003 inasonyeza kuti mndandanda wa zilembo zake umafanana pafupifupi 99.9 peresenti pakati pa anthu awiri alionse.

Chifukwa chake chili m'mbiri yathu. Mafupa akale kwambiri a anthu a mtundu wathu wa Homo sapiens anapezeka ku Jebel Irhoud m'dziko la Morocco, ndipo ndi a zaka pafupifupi 300,000. Anthu a kunja kwa Africa, mbali yaikulu ya chibadwa chawo, anachokera ku kagulu kamene kanatuluka mu Africa zaka pafupifupi 60,000 zapitazo. Kagulu kakang'ono kamanyamula gawo lochepa la chibadwa cha anthu onse, monga mmene mbale imodzi yotapa munkhokwe singakhalire ndi mbewu zonse za m'mudzi. N'chifukwa chake mu Africa muli kusiyana kwa majini kochuluka kuposa kwina kulikonse. Kafukufuku wa mu 2010, amene anayeza DNA ya amuna achikulire achi San a ku Namibia pamodzi ndi ya Desmond Tutu, anapeza kuti awiri mwa a San aja ankasiyana kwambiri kuposa mmene mzungu amasiyanirana ndi munthu wa ku Asia. Choncho gulu limene timalitcha akuda limaphatikiza anthu osiyana kwambiri padziko lonse.

Nanga khungu? Kusiyana kwa khungu ndi kwenikweni, ndipo kumatsata mphamvu ya dzuwa. Mu 2000, Nina Jablonski ndi George Chaplin anasonyeza kuti kumene dzuwa limaomba kwambiri khungu lakuda limateteza thupi, pamene kumene dzuwa ndi lochepa khungu loyera limathandiza kupanga vitamini D. Anthu a ku Papua New Guinea ndi akuda ngati ife, komatu m'chibadwa ali pafupi ndi anthu a ku Asia kuposa ife. Matenda a sickle cell, amene ambiri amati ndi a anthu akuda, amatsata malungo, monga Anthony Allison anasonyezera mu 1954 kum'mawa kwa Africa. N'chifukwa chake amapezekanso ku Greece, ku Saudi Arabia ndi ku India. Kutha kumwa mkaka munthu atakula kumapezeka kwa anthu ambiri a kumpoto kwa Ulaya ndiponso kwa Amasai, chifukwa onsewa makolo awo ankaweta ng'ombe. Mukagawa anthu potsata khungu mupeza magulu ena, potsata mkaka magulu ena, potsata malungo magulu enanso.

Wophunzira wochenjera afunsa kuti: nanga bwanji DNA imatha kuuza munthu kumene makolo ake anachokera? Funsoli ndi labwino. Mu 2002, Noah Rosenberg ndi anzake anayeza anthu 1,056 ochokera m'mafuko 52, ndipo kompyuta inatha kuwasanja malinga ndi zigawo za dziko. Zimenezi zimatheka chifukwa anthu okhala moyandikana amakwatirana kwambiri kuposa okhala kutali, ndiye tizizindikiro ting'onoting'ono tambirimbiri tikaphatikizidwa timaloza dera. Koma chiwerengero cha magulu amauza kompyuta ndi wofufuzayo, ndipo munthu atayenda wapansi kuchoka ku Nsanje kudzera ku Tanzania, Ethiopia, Egypt ndi Turkey mpaka ku Sweden, sangapeze mtsinje umene anthu akuda amathera n'kuyamba azungu. Azachipatala nawonso akusintha. Mu 2021 mabungwe a madokotala a impso ku America anachotsa mtundu wa munthu pa masamu oyezera mphamvu ya impso, chifukwa masamu akale ankachedwetsa thandizo kwa odwala akuda. Mu 2023 bungwe la National Academies la m'dziko lomwelo linalangiza ofufuza za majini kuti asiye kugwiritsa ntchito magulu amenewa ngati chizindikiro cha chibadwa.

Phunziroli likukhudzanso mitundu yathu ya kuno. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi mu 1835 anali kale osakanikirana ndi anthu amene anawatenga m'njira, ndipo anapitiriza kukwatira Ansenga, Atumbuka ndi Achewa. Chingoni, Chiyao ndi Chilomwe ndi mbiri, chinenero ndi mwambo zimene tiyenera kuzinyadira, koma palibe chipatala chimene chingazipeze m'magazi.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi lakuti tikamaphunzitsa za tsankho tisamangonena kuti linali loipa. Tiziwapatsa ophunzira maina, zaka ndi zifukwa, kuti aone okha kuti malirewa analembedwa ndi anthu odziwika amene anali ndi zofuna zawo. Tiziwauzanso kuti mabala amene malirewa anasiya ndi enieni: malo olandidwa, masukulu osiyana ndi umphawi wosiyirana. Mwana akafunsa chifukwa chake maiko ena ndi olemera kuposa lathu, timutengere ku mbiri, ku malonda, ku maphunziro ndi ku ulamuliro, kumene mayankho ake angathe kufufuzidwa ndi kukonzedwa.