Mbiri ya Osewera Aganyu ndi Kubera Zaka mu Mpira wa Masukulu ndi Mabungwe ku Zomba

Funso lakuti ndani ali woyenera kusewerera timu ya sukulu, ya koleji kapena ya nthambi ya boma ndi lakale pafupifupi ngati mpira wamiyendo weniweniwo m'Malawi, ndipo mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko kuyambira m'chaka cha 1891 mpaka 1975, ndi malo abwino olifufuzira, chifukwa m'munsi mwa phiri lake munasonkhana mabungwe onse amene ankapatsa wachinyamata mpira pamodzi ndi tsogolo, monga asilikali, apolisi, a ndende, mishoni, masekondale, ndipo pambuyo pake yunivesite. Paliponse pamene jezi ya timu yakhala khomo lolowera ku ntchito kapena ku maphunziro, pakhalanso anthu ofuna kulowetsa munthu amene malamulo a mpikisano sakumulola, kaya chifukwa cha zaka zake kapena chifukwa chakuti si wophunzira wa pasukulupo.

Ganizo lakuti wosewera wabwino sayenera kulandira kanthu linabwera ndi atsamunda. Bungwe la Zomba Gymkhana Club, limene Azungu ogwira ntchito m'boma analikhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, linali malo amene akuluakulu a boma ndi a asilikali ankasewerako masewera osiyanasiyana akaweruka kuntchito, ndipo kumapeto kwa sabata ena ankakwera phiri kukapuma ku Ku Chawe kapena kukawedza mumtsinje wa Mulunguzi. Anthu amenewa ankakhulupirira kuti masewera ndi osula khalidwe, ndipo kuti ndalama zimawadetsa, koma chikhulupirirochi chinali chosavuta kwa munthu wokhala ndi malipiro apamwezi, nyumba ya boma ndiponso antchito apakhomo. Ngakhale ku England komweko ganizoli linali litagonja kale, pakuti bungwe la mpira kumeneko linavomereza kulipira osewera m'chaka cha 1885, litaona kuti matimu a m'matauni a mafakitale ankawalipira mobisa. Ku Nyasaland mpira wa Azungu ndi wa Aafirika unkayendetsedwa padera kwa zaka zambiri, ndipo bungwe la Football Association of Malawi, limene likuyendetsa mpira wa dziko lonse lero, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966.

Kwa Mmalawi mpira unafika kudzera m'makomo awiri, la mishoni ndi la usilikali, ndipo makomo onsewa ankalipira, ngakhale kuti malipirowo sanali ndalama zapamanja. Ku Domasi, kumene mpingo wa Church of Scotland unatsegula mishoni m'chaka cha 1884, komanso pambuyo pake ku Zomba Catholic Secondary School, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1942, masewera anali gawo la maphunziro, kotero kuti woyenera kusewera anali yekhayo wolembedwa m'kaundula wa sukulu. Ku gulu la asilikali la King's African Rifles, limene anthu ankalitchula kuti Keyala ndipo linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, wosewera anali msilikali wolandira chakudya, yunifolomu ndi malipiro. Mwambo umenewu sunathe ndi ufulu wodzilamulira, chifukwa timu ya Red Lions ya ku Cobbe Barracks ku Zomba, monganso Moyale Barracks ku Mzuzu, Kamuzu Barracks ku Lilongwe ndi Blue Eagles ya apolisi, yakhala ikukopa achinyamata aluso ndi chinthu chimene matimu ambiri a anthu wamba sangalonjeze, ndicho ntchito yokhazikika imene imapitirira miyendo ikatopa. M'dongosolo limeneli mulibe chinyengo, ndipo lathandiza mabanja ambiri, koma linazika m'mitima ya makolo ndi ana chiphunzitso chakuti mpira ndi njira yopezera malo, ndipo chiphunzitso chimenechi chikafika pampikisano wa masukulu chimabala mavuto ena.

Mavuto amenewa ali pawiri. Loyamba ndi la osewera aganyu, kutanthauza anyamata amene saphunzira pasukulupo, kapena anasiya sukulu kale, koma amabwerekedwa kuchokera ku matimu a m'dera tsiku la mpikisano, n'kupatsidwa dzina la wophunzira wina kapena kulembedwa m'kaundula masabata ochepa chikho chisanayambe, ndipo malipiro awo nthawi zambiri amakhala kangachepe, chakudya chatsikulo ndi ndalama yoyendera, mwinanso lonjezo la kukhululukiridwa fizi. Lachiwiri ndi kubera zaka, ndiko kuchepetsa zaka za wosewera pamapepala kuti alowe mumpikisano wa ana aang'ono kuposa iye. Vuto lachiwirili silinayambire pabwalo la mpira. Kwa zaka zambiri ana ochuluka m'Malawi ankabadwa popanda chiphaso chobadwira, zaka zawo zinkalembedwa koyamba ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 malinga ndi mawu a kholo, ndipo popeza malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri, si zachilendo kuti mwana wobwereza Sitandade 8 ankasintha dzina kapena chaka chobadwa kuti akhale ndi mwayi wina wosankhidwa. Boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo m'kalasi imodzi munkapezeka mwana wa zaka 7 ndi mnyamata wometa ndevu, onse ali ophunzira enieni. Pamenepa mpomwe pali povuta, chifukwa wophunzira weniweni akhoza kukhala wopitirira zaka, pamene mwana wa zaka zoyenera akhoza kukhala waganyu, ndipo oyendetsa mpikisano, monga bungwe la Malawi Schools Sports Association, amayenera kufufuza zinthu ziwiri zosiyana pogwiritsa ntchito mapepala amene anachokera kwa anthu omwewo ofuna kupambana.

Dziko la Malawi linaona kulemera kwa nkhaniyi m'chaka cha 2009, ndipo nthawi imeneyo linali kumbali yopindula. Pampikisano wa mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 17 umene unachitikira ku Algeria, timu ya Niger inachotsedwa chifukwa chogwiritsa ntchito wosewera wopitirira zaka, ndipo malo ake m'ndime yachipulula anapatsidwa kwa Malawi, zimene zinachititsa kuti timuyi ipite ku mpikisano wa dziko lonse ku Nigeria chaka chomwecho, kumene inakumana ndi Spain, United States ndi United Arab Emirates. Pampikisano wa ku Nigeria umenewu bungwe la FIFA linagwiritsa ntchito makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI, amene amaonetsa ngati mafupa a pamfundo ya dzanja anamaliza kukula, pofuna kuzindikira osewera okayikitsa. Njira imeneyi ndi yodula, siitchula tsiku lobadwa la munthu, ndipo palibe sekondale ya ku Zomba kapena kwina kulikonse m'dziko muno imene ingaigwiritse ntchito pamasewera a Loweruka.

Ku sukulu za ukachenjede funsoli limasintha nkhope, chifukwa zaka sizikhalanso nkhani yaikulu, koma kulembetsa. Chancellor College itasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, mzindawu unakhala ndi gulu lalikulu la achinyamata osankhidwa chifukwa cha mayeso okha, ndipo mayunivesite a boma m'Malawi sanakhalepo ndi mwambo wopatsa munthu malo chifukwa cha luso la mpira. Zotsatira zake n'zakuti timu ya ophunzira okhaokha imatha kupikisana bwino ndi makoleji anzake, monga m'mipikisano ya bungwe la masewera a sukulu za ukachenjede la TESSAM, koma ikalowa mu ligi ya matimu akuluakulu imapeza kuti masewera amagwa nthawi ya mayeso ndi ya tchuthi, ndipo wosewera wodalirika amamaliza maphunziro pakatha zaka 4, kotero kuti chiyeso chotenga osewera akunja chimakula. Timu ya Mzuni ya ku Mzuzu University, imene inasewera mu Super League m'zaka za m'ma 2010, pomaliza inasiyana ndi yunivesiteyo n'kutenga dzina la Mzuzu Warriors.

Ku United States, kumene mpira wa makoleji, umene ndi masewera ena ogwira mpira ndi manja, umadzaza mabwalo a anthu oposa 100,000, mkangano womwewu wakhalapo kwa zaka zoposa 100 pansi pa bungwe la NCAA, limene linayamba m'chaka cha 1906. M'chaka cha 1987 bungweli linaletsa Southern Methodist University kusewera chaka chonse chifukwa cholipira osewera mobisa, ndipo m'chaka cha 2010 linapeza kuti bambo ake a wosewera wina, Cam Newton, anapempha ndalama kuti mwana wawo akasewerere yunivesite ya Mississippi State, koma linalola mnyamatayo kupitiriza kusewerera yunivesite ya Auburn chifukwa panalibe umboni wakuti iye ankadziwa. Khoti lalikulu la dzikolo litagamula mlandu wa Alston mokomera osewera m'chaka cha 2021, ophunzira analoledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chawo, ndipo kuyambira 2025 makoleji akuloledwa kuwalipira mwachindunji. Kusiyana kwake ndi Zomba n'koonekeratu, pakuti kumeneko lamulo linkamana wosewera gawo la chuma chambiri chimene iye mwini ankapanga, pamene kuno lamulo limateteza mwana wa Fomu 2 amene walimbikira kukonzekera chaka chonse kuti asakhale pabenchi chifukwa cha munthu wamkulu wobwerekedwa, ndiponso kuti asathyoledwe mwendo ndi munthu womuposa ndi zaka 5. Choncho kufewetsa malamulo kumene kwachitika ku America si chifukwa chofewetsera malamulo a zaka ndi a kulembetsa m'masukulu a m'Malawi.

Waganyu mwiniyo sayenera kusenzetsedwa mlandu wonse, chifukwa kawirikawiri ndi mnyamata amene umphawi unamuchotsa m'kalasi, ndipo sangalowe yekha m'kaundula popanda dzanja la mphunzitsi kapena mkulu wina. Zida zothetsera chinyengochi tsopano zilipo kuposa kale, pakuti lamulo la kalembera wa nzika la 2010 linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2015, bungwe la National Registration Bureau linalemba Amalawi pafupifupi 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo m'chaka cha 2017, ndipo bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, limene likulu lake lili ku Zomba komweko, limasunga mayina a onse olemba mayeso a boma. Oyendetsa mipikisano ya masukulu ndi makoleji ayenera kuyerekeza mndandanda wa osewera ndi zolembedwa zimenezi chikho chisanayambe, ndipo chinyengo chikapezeka chilango chigwere wamkulu amene anasaina fomuyo.