Mapanga Olembedwa a ku Chongoni

Ife okhala pakati pa minda ya fodya kuno ku Chisemphere tamva mbiri ya mapanga a ku Ajanta, m'dziko la India. Kumeneko otsata chiphunzitso cha Buddha anaboola thanthwe, nasemamo nyumba ngati 30, zina zopemphereramo, zina zogonamo, pamodzi ndi mafano ndi zithunzi. Ntchitoyo inayamba zaka ngati 200 Khristu asanabadwe. Pambuyo pake mapangawo anasiyidwa, nabisika m'nkhalango kufikira chaka cha 1819, pamene msilikali wa ku Britain, John Smith, anawatulukira alikusaka nyama. Tizizwa nazo zimenezi; koma kodi tidziwa kuti ifenso tili nawo mapanga athu?

Munthu akalunjika kummwera, napitirira Kasungu ndi Lilongwe, afika ku mapiri a Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a miyala yolembedwa. Makolo a dziko lino sanaseme thanthwe ayi, koma analipaka utoto. Zithunzi zofiira, za mizere ndi zozungulira, nza Akafula, alenje aafupi aja amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Zoyera nza Achewa: zina za chinamwali, zimene amayi aakulu anali kulangizira nazo atsikana, zina za Nyau, monga za m'phanga la Namzeze. M'chaka cha 1972 J. Desmond Clark anakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere, napeza zida za miyala za anthu akalewo. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawerengera Chongoni pamodzi ndi chuma cha dziko lonse lapansi, monga linachitira Ajanta mu 1983.

Kapena ena adzati, Izi nzachikunja, tili nazo chiyani? Taonani, kusunga mbiri sindiko kupembedza. Akafula anatha, ndipo sanasiye buku lina koma miyala yomweyi.

Chotichititsa manyazi nchakuti zithunzi zina zaonongeka ndi utsi wa moto, zina ndi makala a ana olemba maina awo. John Smith yemwe uja anakanda dzina lake pa chithunzi cha ku Ajanta, ndipo chipseracho chilipobe. Ife aphunzitsi tili ndi mlandu, pakuti ndife tinaphunzitsa anawo kulemba. Chifukwa chake tiwaphunzitsenso pamene sayenera kulemba. Fodya akagwa ndi matalala tidzafesanso chaka chamawa. Koma chithunzi cha Mkafula chikafafanizika, palibe nazale yomeretsa china.