Mmene situdiyo idatsikira ku Seke

Tauni ya Chitungwiza ku Zimbabwe idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, makomboni omwe boma la atsamunda lidamangira anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury, yomwe lero ndi Harare. Anthu ankangogonako, m'mamawa n'kukwera basi ulendo wa makilomita pafupifupi 25 kukagwira ntchito. Kwa oyimba nawonso zinali chimodzimodzi. Nyimbo za sungura zinkasangalatsa anthu m'mabala a pa Makoni ndi pa Chikwanha, koma ikakwana nthawi yojambula, magitala ankakwezedwa galimoto kupita ku Harare.

Ambiri mwa anyamata a magitalawo anali ana a matchona, okulira m'mafamu. A Nicholas Zakaria a gulu la Khiama Boys ndi a Alick Macheso (obadwira ku Shamva mu 1968), onse mizu yawo ili ku Malawi. N'chifukwa chake chimbale cha a Macheso cha 2000, Simbaradzo, chili ndi nyimbo ya Chichewa, Mundikumbuke, yomwe idavinidwa kuyambira ku Seke mpaka ku Ndirande.

Situdiyo za masiku a Khiama Boys zinali zowerengeka: Shed Studios ndi za makampani monga Gramma Records, komwe akatswiri ngati a Bothwell Nyamhondera ankakhala pa mikisa. Zonse zinkayenda mwa analogi. Maiki imasandutsa mawu kukhala mphamvu ya magetsi yomwe imakwera n'kutsika motsatira mawuwo, ndipo mphamvuyo inkadutsa m'nthambo, kulowa mu mikisa, n'kukatera pa tepi ya maginito. Gulu lonse linkalowa pamodzi, ndipo wina akaphonya pakati pa nyimbo, kawirikawiri onse ankayambiranso. Liwiro la nyimbo linali m'manja mwa woyimba ng'oma. Akatentha, onse ankatentha naye, ndipo kathamangidwe kameneko kamamveka bwino m'zimbale za nthawiyo.

Kenako kudabwera kabokosi komwe anyamata amangokatcha sound card, dzina lake lenileni audio interface. Ntchito yake ndi kuyeza mphamvu yochokera ku maiki ija kambirimbiri n'kuisandutsa manambala oti kompyuta iwasunge. Pa CD, yomwe idatuluka mu 1982, muyezowo umachitika ka 44,100 pa sekondi imodzi, pomwe a makanema amakonda ka 48,000. Lamulo la za mawailesi la 2001 litanena kuti magawo 75 pa 100 a nyimbo zoulutsidwa azikhala a m'dziko momwemo, achinyamata a nyimbo za urban grooves adaona mwayi. Kompyuta yogula kwa munthu, pulogalamu ya FruityLoops kapena Cubase, matiresi otsamiritsa kukhoma kuti mawu asamabwerere, basi chipinda chogona chasanduka situdiyo. Pambuyo pake a Zimdancehall adadutsa khomo lomwelo.

Kwa iwowa kabokosi ka mabowo awiri n'kokwanira, pakuti ridimu imapangidwira m'kompyuta ndipo cholowa kuchokera kunja ndi mawu a woyimba okha. Sungura ndiye idapanikizika. Ng'oma zokha zimatha kudya maiki 6 kapena 8, kusawerengera besi, gitala la rizimu, la lidi ndi othandizira kuyimba. Ena adayamba kujambula chida chimodzichimodzi, ng'oma n'kusiyira makina. Nyimbo zinkatuluka zoyera ndithu, koma zouma, chifukwa besi ya sungura imacheza ndi ng'oma, ndipo munthu sangacheze ndi mnzake yemwe adajambula dzulo.

Njira yowonjezera mabowo idachokera ku makina omwe lero adaiwalika. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Alesis idatulutsa ADAT, yomwe inkajambula mizere 8 ya mawu pa kaseti ya vidiyo ya S-VHS. Makinawo adatha, koma kabowo kake kadatsala kumbuyo kwa ma sound card ambiri. Kanthambo kake n'kowonda ngati chingwe cha nsapato ndipo sikanyamula magetsi: mukakasolola mbali imodzi mumaona kakuwala kofiira kunsonga. M'kuwala kumeneko mumadutsa mizere 8 nthawi imodzi, moti bokosi lachiwiri lingalumikizidwe pamenepo n'kuwonjezera mabowo. Nthambo ya S/PDIF, ya makampani a Sony ndi Philips, imanyamula iwiri yokha.

Apa ndi pomwe mainjiniya ambiri ophunzira okha amagwa m'mavuto. Chida chilichonse cha dijito chili ndi wotchi yakeyake yomwe imawerenga nthawi yoyezera, ndipo mawotchi awiri sayenda ndendende ngakhale onse atalembedwa 48,000. Mabokosi awiri akalumikizidwa, lililonse n'kumatsata wotchi yake, manambala ena amatayika m'njira ndipo m'nyimbo mumamveka tha! tha! wosadziwika kochokera. Mwini situdiyo amasintha nthambo, kunamizira magetsi, mwina kudandaula kuti adagula katundu wachinyengo, pamene vuto likutha ndi kusintha malo amodzi pa kompyuta. Pabwalo la gule mbalule ndi imodzi, ng'oma zina zonse zimamvera iyo. Bokosi limodzi liikidwe pa internal, linalo liuzidwe kutenga wotchi kudzera pa ADAT. Zida zikachuluka, pamakhala nthambo yapadera ya word clock, yomwe sinyamula mawu koma nthawi yokha.

Kusokoneza 44,100 ndi 48,000 nakonso kumavulaza. Nyimbo yojambulidwa pa 44,100 ikaseweredwa ngati ya 48,000 imathamanga ndi magawo pafupifupi 9 pa 100, mawu n'kukwera, ndipo pa vidiyo milomo imasiyana ndi nyimbo.

Mbali ya analogi sidachoke. Maiki imalowabe ndi nthambo ya XLR ya timano titatu, yomwe idapangidwa kuti izichotsa phokoso lotola m'njira, monga kung'ung'udza kwa magetsi a 50 Hz. Kumalo komwe magetsi amathimathima ndipo jenereta ili pafupi ndi zenera, nthambo yabwino ndi ndalama yosalowa m'madzi.

Lero a Macheso ali ndi situdiyo yawoyawo, Alema, ku Chitungwiza komweko, moti magitala sasowanso kukwera galimoto kupita ku Harare. Mnyamata wa ku Seke wofuna kujambula sungura ayambe wapeza kabokosi ka mabowo okwanira gulu lonse, aphunzire kuika wotchi, ndipo woyimba ng'oma amulowetse m'chipinda limodzi ndi anzake.