Zimene amayi ankanenera pamtondo

Kwathu ku Mpingu, zigayo zisanafale, chimanga chinkalowa mumtondo kawiri kuti ufa woyera upezeke. Amayi ankayamba ndi kukonola, n'kupeta gaga palichero mpaka patsale mphale. Mphaleyo inkagona m'madzi masiku angapo, kenako kuivuula, kuitsuka, kuitibula, kusefa ndi kuyanika pamphasa. Ntchito yotere inali yothyola msana, choncho ankaitanizana awiri kapena atatu, minsi n'kumalandizana mumtondo umodzi. Nyimbo inkathandiza kuti minsiyo isawombane, koma ntchito yake yaikulu inali ina.

Pabwalo la amfumu mkazi kawirikawiri ankayankhulidwira ndi ankhoswe kapena amalume ake. Apongozi sankayankhidwa pamaso. Koma pamtondo zonse zinkatuluka: mkamwini waulesi amene nkhokwe yake yatha mvula isanagwe, mkazi mnzake wa pamitala, apongozi omana ndiwo. Amayi anga aakulu, amene anandilera, anali akatswiri opeka nyimbo zoterezi, ndipo sindinawamvepo akutchula munthu dzina. Ankangotchula mtundu wa chipewa kapena kayendedwe, mudzi wonse n'kudziwa. Wonenedwayo sakanatha kukasuma, pakuti kudandaula kunali kudziulula yekha. Ine ndimaona kuti apa panali nzeru yeniyeni: mawu owawa ankafika kwa mwiniwake, koma banja osapasuka.

Mbiri ya dera lino inkalowanso m'nyimbozo. M'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, atakhazikika ku Mbabzi, anafalitsa ulimi wa fodya wowamba ndi utsi m'midzi ya kuno, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board. Fodya anabweretsa ndalama, ndalamazo zinabweretsa mwamuna amene amati akagulitsa sabwera kunyumba mpaka m'thumba mutauma. Amuna ena ankalembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, mpaka Kamuzu atayimitsa ulendowu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown. Akazi a matchona ankadikira kalata zaka ndi zaka, ndipo zina mwa nyimbo zachisoni zimene ndinamva ndili mwana zinali zawo.

Si ife tokha amene tinali ndi malo otere. Ku England, kasupe wa ku Tunbridge Wells, amene akuti anapezedwa mu 1606, anasanduka malo amene olemera ankathamangirako m'chilimwe kukamwa madzi amene ankati ndi ochiritsa. Chimodzimodzinso ku Bath, Epsom ndi Scarborough. Atamwa madzi m'mawa, tsiku lonse linali la kuyendayenda, njuga, magule ndi kuyang'anana. Pamenepo panabuka alakatuli a nyengo imodzi, otama kukongola kwa namwali wakuti kapena kunyoza mkulu wodzikonda. John Wilmot, Earl of Rochester, analemba ndakatulo yonyoza khamu la ku Tunbridge Wells m'ma 1670. M'zaka za m'ma 1700 osindikiza anayamba kutolera ndakatulozi m'timabuku monga Tunbrigalia ndi The Scarborough Miscellany. Nawonso ankabisa maina: ankalemba chilembo choyamba, kenako kamzere, ndipo amene analipo chaka chimenecho ankadziwa.

Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu. Awo anali anthu osowa chochita, pamene athuwa ankapeka thukuta lili kamukamu, mwana ali kumbuyo. Komabe vuto la timabuku tawo ndi limene ndikuliopa kwathu. Wowerenga wa lero akafika pa kamzere kaja, nthawi zambiri sadziwa kuti ankanena yani kapena chinachitika n'chiyani, ndipo mawu atsala opanda mbola.

Zigayo zitafika ku Namitete, ku Nsaru, mpaka m'misika ing'onoing'ono, kenako makina okonolera, amayi anapuma. Amene anaona matuza m'manja mwa mayi ake sangalakelake masiku akalewo, ndipo inenso sindiwalakalaka. Koma pamzere wa pachigayo phokoso salola nyimbo, ndipo amene waima pambali pako angakhale wa mudzi wina, wosadziwa za kwanu. Mtondo unatsalira nsinjiro ndi chigwada, ntchito ya munthu mmodzi.

Nyimbo zina zinapulumuka. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland m'ma 1950 akujambula nyimbo, za pamtondo zomwe, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, m'dziko la South Africa. M'ma 1980 Enoch Timpunza Mvula analemba za mmene amayi Achichewa ankagwiritsira ntchito nyimbo pothana ndi mikangano ya m'banja ndi m'mudzi. Koma ku Kabudula ndi ku Nambuma kukadali agogo amene anagwira munsi ali atsikana, ndipo lamya zojambula mawu zili m'matumba mwa adzukulu awo. Ndikanakonda adzukuluwo akanakhala nawo pamphasa chaka chino, n'kujambula nyimbo, komanso kufunsa kuti inapekedwa chaka cha njala iti, ankanena yani, ndipo wonenedwayo atamva anatani.