Kuyamwa si Kunyowa

Kwa Kaomba ku Kasungu, nyengo yosankha fodya ikafika mumamva alimi akuti fodya wanyowa, pomwe sanakhudzidwe ndi dontho la mvula. Mawu oyenera pamenepa ndi akuti wayamwa chinyontho. Kuyamwa ndi mawu athuathu, ochokera kwa khanda pa bere la mayi ake, ndipo tanthauzo lake ndi kukokera madzi mkati pang'onopang'ono. Kunyowa ndi kuthiridwa madzi kuchokera kunja. Tsamba la burley louma m'chigafa limathetheka masana ukaligwira, koma mbandakucha limakoka chinyontho cha mumpweya n'kufewa, mlimi n'kulisankha osaliswa. Akawaza madzi kuti belo lilemere, fodyayo ndiye wanyowadi: amachita nkhungu ndipo ogula pa msika wa Chinkhoma amamubweza.

Ena anganene kuti chinthu chopanda pakamwa sichingayamwe. Nanga bwanji timati nsapato yaluma, moto wadya udzu? Mchere umalira m'botolo nthawi ya dzinja, feteleza wa urea amaumbana thumba likasiyidwa lotsegula, zonsezi n'kuyamwa. Pali kusiyana kumodzi kofunika kukudziwa. Thonje limalowetsa madzi m'thupi mwake monse, pomwe makala amagwira fungo pamakoma a timabowo tawo tosaoneka ndi maso, monga momwe timikanda ta silica gel tomwe timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano timagwirira chinyontho. Komabe Chichewa chimati zonsezi zayamwa, ndipo sichikulakwa, pakuti mlimi chomwe afuna kudziwa n'chakuti chinyonthocho chalowa chokha kapena chathiridwa ndi munthu.