Atengatenga a ku Mathithi a Shire

Munthu wochokera ku Chifunga amene awoloka Shire pa mlatho wa Zalewa, ali khale m'galimoto, sangadziwe msanga kuti kunsi kwa mlathowo mtsinje uja, umene utuluka m'nyanja mwaulemu ngati mkwatibwi, udzigwetsa mwaukali pa matanthwe a Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, kotero kuti m'masiku a makolo athu chombo chilichonse chofuna kukwera kunka kunyanja chinayenera kutuluka m'madzi ndi kuyenda pa mitu ya anthu.

David Livingstone anazindikira zimenezi m'chaka cha 1859, pamene anasiya sitima yake kwa Chibisa nayenda pansi kufikira ataona nyanja m'mwezi wa September. Mu 1863 anayesa kulambula msewu wokokerapo sitima ina yotchedwa Lady Nyassa, koma njala ndi nkhondo za ogula akapolo zinali zitapululutsa midzi, ndipo boma la kwao linamuitana ntchito isanathe.

Chimene chinamkanika iye chinatheka mu 1875, pamene E. D. Young ndi Robert Laws anafika ndi sitima ya Ilala, naimasula zidutswazidutswa. Pakuti mafumu a Chikololo, amene anatsala kuchigwa Livingstone atapita, anamema amuna mazanamazana, ndipo iwowa, atapotera nkhata pamutu, anasenza zitsulo zotentha ndi dzuwa la chilimwe, nakwera zitunda, natsika m'zigwembe momwe phazi likaterereka munthu sakaonekanso, mtunda wa mamailosi ngati 60, mphotho yao ili mikono yowerengeka ya nsalu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mitu inasenza sitima yathunthu osataya kanthu panjira. Atailumikizanso kumtunda kwa mathithi, Ilala inalowa m'nyanja pa 12 October. Mabuku alemekeza Young ndi Laws, ndipo nkoyenera. Koma ine ndiyesa kuti ulemu waukulu uyenera iwo amene maina ao sanalembedwe, amene akadafuna kuthawa ndi katundu m'thengomo palibe akadawaletsa.

Kuyambira 1878 kampani ya Mandala inasandutsa tengatenga kukhala ntchito ya masiku onse, pa njira yochokera kwa Katunga kudzera ku Blantyre kufika ku Matope, ndipo msonkho wa nyumba utadza, ambiri anasenza mosafuna kuti apeze ndalama yokhomera. Njanji itafika ku Salima mu 1935, katundu wa kunyanja anatsata sitima ya pamtunda. Ndipo mathithi omwewo boma linawatchinga pa Nkula mu 1966 kuti apereke magetsi.